VIMBUZA: GULE WA AMAYI OTSALA PAMUDZI

Ambiri a ife tamvapo ng'oma zikulira usiku wonse m'midzi ya kuno ku Rumphi. Tikafunsa, amatiyankha kuti "akuvina Vimbuza." Kodi tinayamba tadzifunsapo chifukwa chake ovina ambiri ndi amayi okwatiwa? Yankho lake lili m'mbiri ya boma lathu lino.

Vimbuza ndi gule wochiza wa Atumbuka. Wodwala amapita kwa sing'anga wotchedwa nchimi. Amuna amaimba ng'oma, amayi ndi ana amazungulira wodwalayo akuimba ndi kuomba m'manja, ndipo iye amavina atavala zikopa m'chiuno ndi mangenjeza m'miyendo. Guleyu anakula m'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za Angoni zinabalalitsa mabanja ambiri.

Atafika Azungu anakhazikitsa msonkho wa nyumba, koma kumpoto kuno ntchito zolipira zinali zosowa. Sukulu ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws anaimanga ku Khondowe kuyambira 1894, inatulutsa anyamata ophunzira amene analibe kolembedwa ntchito. Choncho amuna anayamba ulendo wa ku Salisbury, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ndi ku Joni kudzera ku Wenela. Ena ankabwerako patapita zaka ziwiri. Ena sanabwerenso, ndipo anatchedwa matchona.

Taganizani za mayi wotsala. Popeza anamulowola, ankakhala kumudzi kwa mwamuna, pansi pa ulamuliro wa apongozi. Kulima, kulera ana, kusamala nkhalamba, zonse zinali pamutu pake. Ndalama zikabwera, kawirikawiri zinkafikira m'manja mwa abale a mwamunayo. Mwambo sunkamulola kudandaula poyera. Mtima ukalemedwa chotere thupi limadwala: mutu, kusowa tulo, kulira kosadziwika chifukwa.

Pabwalo la Vimbuza mpamene mayiyu ankapeza mawu. Anthu ankakhulupirira kuti wolankhula ndi mzimu, osati iyeyo, tsono panalibe womuimba mlandu. Nyimbo zinkatchula mwamuna woiwala kwawo, apongozi ankhanza, ndi kalata yosabwera. Mudzi wonse unkamva, ndi kuvomereza nyimboyo. Leroy Vail ndi Landeg White analemba za nyimbozi m'buku lawo la 1991, ndipo anaonetsa kuti zimasunga mbiri ya amayi imene mabuku a boma sanailembe. Naye Pulofesa Boston Soko anafufuza guleyu kwa zaka zambiri.

M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Dr Banda analetsa ulendowu. Unayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, nkutha mu 1988. Komabe mpaka lero achinyamata akupitabe ku South Africa, ndipo amayi ndi ana akutsalabe. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Vimbuza ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Amishoni oyamba analetsa Akhristu kuvina Vimbuza, ndipo nkhani ya mizimu ikadali yovuta kwa ife okhulupirira. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti malungo, khunyu ndi matenda aakulu a maganizo amafuna chipatala. Kuchedwa kwa nchimi kungatayitse moyo. Koma amene akukonzekera kudzaweta nkhosa asafulumire kudzudzula asanamvetse. Mayi amene amapita ku ng'oma amapezako anthu omumvera usiku wonse. Ngati tifuna kuti adzabwere ku Mphakati, ayenera kudzapezako khutu lomumvera chimodzimodzi.

Mafunso okambirana:
1. Nchifukwa chiyani amayi a matchona sankatha kudandaula poyera?
2. Kwanu kuli mabanja angati amene bambo ali kunja? Amawayendera ndani?
3. Kodi wansembe angathandize bwanji Mkhristu amene akuti ali ndi Vimbuza?