Kunola lumo kuti limete bwino

Kuno ku Nayuchi, kumene njanji inafika mu 1970, katundu wa m'sitolo sasowa pamalire athu ano ndi Mozambique. Malezala ometa kamodzi n'kutaya ali m'magolosale. Koma lumo lopinda, lija lokhala ndi chigwiriro, limatha zaka zambiri mwini wake akadziwa kulinola.

Kodi lumo limabuntha bwanji? Mbali yake yakuthwa ndi yopyapyala kuposa tsitsi. Ikamadula ndevu imapindika pang'onopang'ono, penanso imabenthuka, ngakhale maso sangaone. Likatero, lumo silidulanso koma limakoka ndevu. Khungu limawawa, ndipo pachibwano pamatuluka tiziphuphu.

Zida zonolera ndi ziwiri: mwala ndi lamba wachikopa. Ntchito zake n'zosiyana. Mwala umadya chitsulo kuti kuthwa kuyambike kwatsopano. Chikopa chimangowongola popindika paja. N'chifukwa chake chikopa timachigwiritsa ntchito nthawi iliyonse tisanamete, pamene mwala timautenga pokhapokha chikopa chikalephera. Wonola pamwala tsiku ndi tsiku amangolimaliza lumo lake.

Mwala wake ukhale wosalala ndi wathyathyathya. Uja timanolera chikwanje kapena nkhwangwa ndi wokhakhala, umaononga lumo. Thirani madzi pamwalapo. Gonekani lumo kuti msana wake ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze mwala. Apa ndiye pagona nkhani. Msana uja ndi wokhuthala dala: ndiwo umapendeketsa lumo mlingo woyenera. Mukaukweza ngati mukunola mpeni wa kukhitchini, lumo libuntha m'malo mothwa. Tsono likankheni, mbali yakuthwa ili patsogolo. Mukafika kumapeto kwa mwala, litembenuzireni pamsana, osati pakuthwa, n'kulibweza. Mbali zonse ziwiri zidutse pamwala mofanana. Musakanikize. Dzanja likhale lopepuka, ndipo musafulumire.

Pachikopa zimasintha. Kolekani lamba pamsomali kapena pamtengo, mumukoke kuti akungike. Apa msana ndiwo umatsogola, kuthwa kumatsatira pambuyo. Mukatsogoza kuthwa mudula lambayo.

Poyesa, metani ubweya pang'ono pamkono. Lumo lakuthwa limaudula mosakoka. Musayese ndi chala. Musanayambe kumeta, nyowetsani ndevu ndi madzi ofunda ndi kupaka sopo, chifukwa ndevu zonyowa zimafewa. Mukatha, tsukani lumo, lipukuteni liume, mulipake kadontho ka mafuta. Kuno kufupi ndi nyanja ya Chiuta, chinyontho cha m'dzinja sichichedwa kugwiritsa chitsulo dzimbiri.

Pali chinthu china chofunika kuposa kuthwa. Lumo likacheka munthu limatenga magazi, ndipo m'magazi mungathe kukhala kachilombo ka HIV kapena ka matenda a chiwindi a hepatitis B. Kunola sikupha tizilombo timeneti, ngakhale kupukuta ndi nsalu. Pamwambo wometa maliro, pamene abale ambiri amametedwa tsiku limodzi, aliyense abwere ndi lumo kapena lezala lake.

Kambiranani m'kalasi: mwala ndi chikopa zimasiyana bwanji pa ntchito? Nanga n'chifukwa chiyani msana wa lumo uyenera kugona pamwala?

Mukafika kunyumba, ikani lumo lanu pamalo pamene ana sangafike, ndipo musabwereke mnzanu, ngakhale mbale wanu wa bere limodzi.