Tsitsi likayamba kutha paliwombo

Amayi anzanga, ambirife tikaona tsitsi likuchepa pakati pa mutu timangomanga duku kapena kuvala wigi, n'kumati ndi ukalamba. Nthawi zina si ukalamba. Pali nthenda ya khungu la m'mutu imene madokotala amaitchula mwachidule kuti CCCA. Imagwira kwambiri amayi achikuda, ndipo imayambira paliwombo n'kumafalikira m'mbali pang'onopang'ono, kwa zaka. Siyopatsirana ngati chipere.

Chimene chimachitika n'chakuti timabowo tomwe tsitsi limameramo timatupa mkati mwa khungu. Kutupako kukapitirira, timabowoto timafa, m'malo mwake n'kubwera chipsera. Pachipsera tsitsi silimeranso, ngakhale mupake mafuta odula chotani a mumsika wa Limbe. Tsitsi limene mankhwala angapulumutse ndi limene lidakalipo.

Pemphani mwana wanu akujambuleni pafoni pamwamba pa mutu, poti nokha simungaonepo. Kodi tsitsi likuduka kapena kupyapyala pamenepo? Kodi khungu lasalala n'kumanyezimira? Ena amamva kuyabwa, kutentha, kapena kuwawa akagwirapo. Ena samva kanthu, ndipo awa ndiwo amachedwa kubwera kuchipatala.

Kafukufuku wa 2019, amene Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban anachita nawo, anasonyeza kuti kwa ena nthendayi ndi ya kumtundu. Choncho ngati mayi anu anali ndi dazi lotere, muziyang'ananso ana anu aakazi. Kuluka kokoka, wivi yolemera ndi mankhwala owongolera tsitsi zimavutitsanso khungu lodwala kale. Kusaluni akakulukani mpaka usiku osagona ndi ululu, masulani.

Yambirani kuchipatala chapafupi, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe kapena Limbe, mupemphe kalata yopitira kwa madokotala a khungu ku Queens. Kumeneko angathe kuchotsa kachidutswa kakang'ono ka khungu kuti akapime, chifukwa pali nthenda zina, monga lupus, zimene zimasiyanso zipsera m'mutu. Thandizo lake ndi mankhwala opaka ochepetsa kutupa, jakisoni wobaya pakhungu pomwepo, ndi mapiritsi monga doxycycline. Monga mzamba ndikuchenjezeni: doxycycline samwa mayi woyembekezera, ndiye ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, auzeni adokotala asanakulembereni.

Mankhwalawa amatenga miyezi, ndipo kuyabwa kukasiya si kuti mwachira. Sungani chithunzi choyamba chija, muzijambulanso mwezi ndi mwezi, n'kumakawaonetsa adokotala pa tsiku limene akuuzani kuti mubwerenso.