Phunziro: Mwana Aliyense Alowe m'Masewera

Amayi anzanga, phunziro la mwezi uno tiliyambire ku Songwe, kumalire a dziko lathu ndi Tanzania, m'boma la Karonga. Ana a kumeneko amakula akumva Chinkhonde, Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili, koma pabwalo la fulaye sasowa womasulira. Mlendo amangoonerera kawiri katatu, basi walowa. Ngati masewera amalumikiza ana osiyana zilankhulo, nanga bwanji mwana wosamva, wosaona kapena wochedwa kugwira zinthu timamusiya pakhonde anzake akusewera?

Sukulu za pulayimale zinakhala zaulere mu 1994, ndipo lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, limateteza ufulu wawo wa maphunziro. Ku Karonga kuli sukulu ya ana osamva, ndipo aphunzitsi a ana aulumali amasulidwa ku Montfort, m'boma la Chiradzulu. Koma aphunzitsiwo ngochepa. Ana ambiri otere ali m'midzi mwathu momwemu, ndipo pa sukulu za mkombaphala olera ambiri ndife amayi.

Chofunika ndi ichi: musachotse mwana, sinthani kaseweredwe. Pokulunga mpira wamapepala ikani pakati kabotolo ka timiyala, kuti wosaona aziutsatira ndi khutu ukamagubuduka. Kwa wosamva, musayambitse mpikisano wothamanga pokuwa ayi. Kwezani chitenje m'mwamba kuti onse aone, ndipo polankhula naye muyang'anizane naye. Muikeni manja pang'oma anzake akuvina, amve kunjenjemera kwake. Wosayenda angathe kukhala woponya pa fulaye, ndipo mnzake wa mbali inayo aponyenso ali chikhalire. Mwana wachialubino asewere pamthunzi atavala chipewa, ndi mpira wa mtundu wowala, pakuti maso ake saona bwino patali.

Masanje ndiwo ndimawakonda koposa. Ana akhazikitse msika ngati wa pa Songwe, wa nthochi ndi mpunga, masamba a mango akhale ndalama. Mwana amene masamu a pabolodi amamuliza muikeni akhale wogulitsa. Wogula akafuna nthochi zitatu, iye awerenge ndi manja ake, alandire masamba atatu. Mawa zikhale zinayi. Musamufulumizitse, ndipo musamuyankhire. Pamenepo akuphunzira kuwerenga, kudikira nthawi yake ndi kulankhula ndi anzake, ndipo anzakewo akuphunzira kumudikira.

Ife amayi timalakwa kawirikawiri chifukwa cha chisoni. Timamupatsa mwana ntchito yosunga nsapato za anzake n'kumati naye wasewera. Ameneyo sanasewere, walondera. Kumupambanitsa dala nakonso sikuthandiza. Ana amazindikira msanga, ndipo amayamba kumusala. Agonje tsiku lina, alire pang'ono, mawa abwererenso.

Tisanakumanenso, gulu lililonse lifufuze ana a m'mudzi mwawo amene safika ku mkombaphala kapena kusukulu chifukwa cha ulumali. Pitani awiriawiri, osati chigulu, pakuti mayi wa mwanayo anatopa kale ndi maso a anthu. Musayambe ndi kufunsa za matenda. Funsani dzina la mwanayo ndi masewera amene amakonda, ndipo pochoka mupangane tsiku lodzamutenga.