Kuiwala Mayunitsi Kunasowetsa Chombo ku Mars

Anzanga, teremu yatha ndinataya mamakisi atatu pa Fizikisi chifukwa chosalemba mayunitsi. Ndinadandaula: "Koma sala, ansala ndiye ndapezatu!" Iwo anangoti ndikafufuze za Mars Climate Orbiter. Nazi zomwe ndapeza.

Mu December 1998, bungwe la NASA linatumiza chombochi kukafufuza nyengo ya ku Mars. Chinapangidwa ndi Lockheed Martin, kampani ya ku America yopanga ndege zankhondo ndi zombo za m'mlengalenga. Pulogalamu ya pakompyuta ya kampaniyi inkawerengera mphamvu ya timainjini ta chombo m'mapaundi, pomwe ya NASA inkatenga manambala omwewo ngati ma newton. Paundi imodzi ndi ma newton pafupifupi 4.45. Kwa miyezi 9 chombo chinkapatuka pang'onopang'ono. Pa 23 September 1999 chinatsika kwambiri pofika ku Mars, ndipo sichinamvekenso.

Ndiye ntchito ya software engineer m'makampani ngati amenewa si kungolemba mapulogalamu ayi. Amayesa pulogalamu mobwerezabwereza, amawerenga zomwe mnzake walemba, n'kufunsa: nambala iyi ili mu chiyani? Ndege ikanyamuka simungaiimike m'malere kuti mukonze.

Ntchito zambiri zokhudza zankhondo kumeneko amalemba nzika za America zokha. Koma kusamala kotereku kumafunika kulikonse, kaya kubanki kaya kuchipatala, ndipo kumayambira m'kope la Masamu.

Ine pa MSCE mayunitsi sindiiwalanso. Nanga inu?