Dzina la Wojambula Limveke Pamaso pa Kasitomala

Funso: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Limbe. Akuti: "Ndili ndi kampani yaing'ono yokonza zikwangwani, makalendala ndi malogo, ndipo ndinalemba ntchito achinyamata asanu ojambula pa kompyuta. Malipiro sindichedwetsa, Khrisimasi iliyonse timadya phwando, mwezi ndi mwezi ndimapereka satifiketi kwa amene wagwira bwino ntchito. Koma chaka chino awiri odziwa ntchito kwambiri andisiya, wina akuti sindiyamika. Nanga kuyamika kwake n'kotani?"

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Ndikufunseni kaye: tsiku limene kasitomala anabwera kudzaona logo yake n'kuomba m'manja, amene anaijambula anali kuti? M'makampani ambiri amakhala ali kuchipinda cha kumbuyo, maso ali pa kompyuta, ndipo mawu okoma a kasitomala amathera m'makutu mwa bwana. Ntchito yojambula ili ndi vuto lakelake: ikachitika bwino imaoneka ngati yosavuta. Munthu akaona chikwangwani pamsewu saona zojambula khumi zimene zinakanidwa, saona kuti wina anakhala mpaka usiku akutalikitsa zilembo pang'ono ndi pang'ono, akusintha mtundu wa kumbuyo, kuti wokwera minibasi yothamanga athe kuwerenga nambala ya foni asanadutse. Chikwangwanicho chimatuluka ndi dzina la kasitomala, mwina ndi la kampani yanu pakona, koma la wojambula palibe. N'chifukwa chake kuyamika kumene kumamufika wojambula pamtima ndi kotchula dzina lake ndi chimene anachita, pamaso pa anthu amene aiona ntchitoyo. Satifiketi ya mwezi imangoti wagwira bwino ntchito osanena ntchito yake, ndipo pa anthu asanu aliyense amadziwa kuti ikungozungulira, mwezi wake udzakwana.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuza kalekale. Mu 1959 Frederick Herzberg ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Pittsburgh, ku America, komwe anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 za nthawi imene ntchito inawakomera kwambiri ndi imene inawaipira. Pofotokoza zoipa ankatchula malamulo a kampani, kayang'aniridwe ka mabwana ndi malo ogwirira ntchito. Pofotokoza zokoma ankatchula kukwanitsa chinthu chovuta, kuzindikiridwa chifukwa cha chinthucho, ndi ntchito yeniyeniyo. Malipiro Herzberg anawaika m'gulu la zinthu zimene zikasowa munthu amadandaula, koma zikakhalapo sizimpatsa changu chokhalitsa. Choncho bambo, polipira pa nthawi yake mwachotsa dandaulo, ndipo mwachita bwino, koma simunawapatse chifukwa chokhalira kwa inu m'malo mopita kwa wina wolipira chimodzimodzi.

Zimene zakuchitikiranizi zinaichitikiranso kampani yaikulu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Atari inkagulitsa kwambiri magemu osewera pa TV, koma sinkalola kuti maina a owapanga alembedwe pena paliponse. Warren Robinett, amene anapanga gemu ya Adventure, anachita kubisa dzina lake m'kachipinda kachinsinsi mkati mwa gemuyo, mabwana osadziwa. Mu 1979 akatswiri anayi, David Crane, Alan Miller, Larry Kaplan ndi Bob Whitehead, atapempha kuti maina awo azioneka ndiponso kuti azilandirako gawo la phindu n'kukanizidwa, anachoka n'kukayambitsa Activision. Kumeneko dzina la wopanga gemu linkalembedwa pa katundu, chithunzi chake chili m'kabuku ka malangizo. Atari inadzipangira yokha mdani wa pamsika, wopangidwa ndi anthu ake omwe.

Funso: Mayi wina wa ku Lilongwe, amene amayang'anira gulu la ojambula, akutsutsa. Akuti: "Mutu umodzi susenza denga. Kwathu wina amabweretsa ganizo, wina mitundu, wina mawu. Ndikatchula mmodzi ndiye kuti ndayambitsa nsanje, choncho ndimangoti ndi ntchito ya gulu lathu. Komanso makasitomala akadziwa amene amajambula, si adzayamba kumupatsa ganyu kumbali?"

Yankho: Mayi, mantha anu a nsanje ali ndi maziko, ndipo kutchula mmodzi pa ntchito ya awiri kumapwetekadi. Mu 1991 mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa luso lojambula mapulani a nyumba, inaperekedwa kwa Robert Venturi yekha, pomwe mkazi wake Denise Scott Brown anagwira naye ntchitoyo limodzi kwa zaka zoposa makumi awiri monga mwini mnzake wa kampani. Mayiyu sanapite ku mwambowo. Mu 2013 ophunzira a ku Harvard anasonkhanitsa anthu masauzande ambiri osaina pempho lakuti dzina lake liwonjezedwe, koma oweruza anakana. Chimene chinalakwika apa ndi dzina limene linasiyidwa, ndipo mankhwala ake akanakhala kutchula onse awiri. Kufufuta maina onse sikuchiritsa kanthu, chifukwa mawu akuti "gulu lathu" sagawa ulemu mofanana monga mukuganizira. Kasitomala amakumbukira nkhope imene waiona, ndipo nkhope imeneyo ndi yanu. Amene amalankhula mokweza pamisonkhano amatolako zotsala, ndipo mtsikana wofatsa amene anapeza mtundu woyenera amapita kunyumba chimanjamanja. Nsanje imakula msanga pamene anthu sakudziwa ngati gawo lawo laoneka.

Kutchula aliyense ndi gawo lake n'kotheka ngakhale pa gulu lalikulu. Kompyuta yoyamba ya Macintosh, imene Apple inatulutsa mu 1984, inali ndi masiginecha a anthu oposa makumi anayi amene anaipanga, odindidwa mkati mwa chibokosi chake. Ogula ambiri sanawaone n'komwe, koma eni ake ankadziwa kuti alimo. Inu simukufunika makina odindira. Pokapereka ntchito kwa kasitomala tengani wojambulayo, munene kuti ganizo ndi la uyu, mawu ndi a uyu, ndipo mumulole afotokoze yekha chifukwa chake anasankha chikasu m'malo mwa chofiira. Mumulolenso kuika ntchitoyo pa mndandanda wa zimene anajambulapo, kasitomala akavomereza.

Za ganyu wa kumbali, kubisa munthu sikumuteteza kwa okopa. Atari inabisa anthu ake ndipo anapitabe. M'tauni ngati Lilongwe ojambula amadziwana, osindikiza amadziwa dzanja la aliyense, ndipo kasitomala wofuna kumupeza amupeza. Wojambula amene dzina lake silimveka kuntchito ndiye amakhala ndi chifukwa chachikulu chokalimveketsa kwina. Gwirizanani polemba kuti makasitomala a kampani ndi a kampani, ndipo ntchito za kumbali zololedwa ndi ziti, kenako mumuonetse poyera.

Funso: Kalata yomaliza ndi ya mnyamata wojambula wa ku Mzuzu. Akuti: "Abwana anga amanditamanda pamaso pa aliyense, koma malipiro anga sanasinthe kwa zaka zitatu. Zikomo ndingagulire ufa?"

Yankho: Simungagulire, achimwene, ndipo wina asagwiritse ntchito zimene ndanena lero kukutsekani pakamwa. Herzberg yemweyo anapeza kuti malipiro osakwanira amabweretsa dandaulo limene mawu okoma sangalichotse, ndipo anthu a ku Atari aja anapempha zonse ziwiri, dzina ndi gawo la phindu. Chizindikiro cha Nike chimene chili pa nsapato zambiri m'misika yathuyi chinajambulidwa mu 1971 ndi Carolyn Davidson, ali wophunzira ku Portland, ndipo analipidwa madola 35. Mu 1983 kampaniyo, itaona kumene chizindikirocho chinaifikitsa, inamuitana n'kumupatsa mphete ya golide yokhala ndi chizindikiro chomwecho, pamodzi ndi masheya a kampani. Mpheteyo inali ya ulemu, koma masheyawo ndiwo anasonyeza kuti kampaniyo yavomereza mtengo weniweni wa ntchito yake.

Mawu amene abwana anu amanena pagulu ndi umboni wanu, ndiye agwiritseni ntchito. Sonkhanitsani zimene mwajambula m'zaka zitatuzi, mulembe makasitomala amene anabweranso chifukwa cha ntchito yanu, mufunse ojambula anzanu za malipiro a masiku ano. Mukatero pemphani nthawi yokhala pansi ndi abwana anuwo awiriwiri, ndipo mukatchule ndalama imene mukufuna.