Amene Amachezera Usiku Kuti Magetsi Ayake: Mafunso ndi Mayankho

Kodi magetsi athu amachokera kuti, nanga ntchito yowayang'anira ili m'manja mwa yani?

Gawo lalikulu la magetsi a m'Malawi limachokera pa mtsinje umodzi, Shire, m'chigawo chake chapakati pomwe madzi amagwa m'mathithi. Malo ake ndi atatu motsatizana: Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nkula A ndiye wakale kwambiri pa onse, anayamba ntchito mu 1966. Kapichira, m'boma la Chikwawa pafupi ndi nkhalango ya Majete, ali ndi makina anayi otulutsa mamegawati pafupifupi 130. Kumpoto, ku Karonga, kuli kasiteshoni ka Wovwe ka mamegawati 4.5.

Mpaka 2016 zonse zinali m'manja mwa ESCOM. Kuyambira 2017 ntchito inagawidwa: EGENCO imapanga magetsi, ESCOM imawanyamula pa nthambo zikuluzikulu ndi kuwagawa kwa ogula, pomwe bungwe la MERA limaona za malamulo ndi mitengo. Choncho oyang'anira ali mbali ziwiri. Pa siteshoni iliyonse pali injiniya kapena kapitawo wa shifiti, ndipo ku Blantyre kuli chipinda cha ESCOM choonera nthambo za dziko lonse. Awiriwa amakhalira pa foni usana ndi usiku.

Kapitawo wa shifiti amachita chiyani kwenikweni? Si makina amayenda okha?

Amayenda okha mpaka pamene china chayamba kulakwika, ndipo ntchito ya kapitawo ndi kuchiona chisanakule. Akalowa pa shifiti sayamba wakhala pampando. Amawerenga kaye buku limene mnzake walemba: makina ati akuyenda, ati aimitsidwa ndipo chifukwa chiyani, kodi pali amisiri amene akugwira ntchito penapake. Kenako amaona msinkhu wa madzi padamu, kutentha kwa mabeyaringi, mafuta a m'makina, madzi oziziritsira jenereta, ndi kunjenjemera kwa makinawo. Zambiri masiku ano zimaoneka pa kompyuta, komabe amene akhalitsa pantchitoyi amatsikabe pansi kukamvetsera ndi khutu. Makina amene ayamba kudwala amasintha kaliridwe.

Buku lija musalipeputse. Pakachitika ngozi, funso loyamba limakhala lakuti: zinalembedwa nthawi yanji, ndipo analamula ndani?

Timamva za "mahetsi 50". Nambala imeneyi ndi yofunika bwanji?

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Magetsi a pa nthambo sasungika ngati chimanga m'nkhokwe. Amene akupangidwa mphindi ino ayenera kufanana ndi amene anthu akugwiritsa ntchito mphindi yomweyino. Chizindikiro choti zinthu zili bwino ndi liwiro la majenereta, lomwe kuno kwathu liyenera kukhala pa mahetsi 50.

Amene anadikirapo pachigayo cha dizilo amadziwa zimene zimachitika wogayitsa akathira chimanga chambiri nthawi imodzi: injini imalira motsika, ngati ikufuna kuzima. Majenereta a ku Nkula nawonso amatero. Dzuwa likangolowa, mabanja akayatsa mababu, makuka ndi mawailesi akanema, katundu amalemera ndipo nambala ija imayamba kutsika. Pa makina aliwonse pali chipangizo chimene chimatsegula zitseko za madzi kuti alowe ochuluka, liwiro libwerere. Koma zitseko zikatseguka mpaka mapeto, palibenso chowonjezera. Nambala ikapitirira kugwa, makina amadzichotsa okha pa nthambo podziteteza, katundu wake n'kugwera amene atsala, nawonso n'kuthawa. Pa masekondi ochepa dziko lonse lili mumdima.

Ndiye kuti kuthimitsa magetsi m'madera ena kumachitika dala?

Nthawi zambiri inde, ngakhale kuti ndi mawu owawa kwa wometa tsitsi kapena wowotcherera zitsulo amene tsiku lake lapita pachabe. Oyang'anira akaona kuti magetsi amene alipo ndi ochepa poyerekeza ndi ofunika madzulo amenewo, amachotsa madera ena motsatira ndondomeko yokonzedweratu, n'kuyesetsa kusiya nthambo zopita ku zipatala zikuluzikulu ndi kopopera madzi. Kuthimitsa dera limodzi kwa maola angapo n'kopepuka kusiyana ndi kugwetsa dziko lonse.

Izi sizikutanthauza kuti wogula asadandaule. Ali ndi ufulu wofunsa ngati ndondomekoyo ikutsatidwa mwachilungamo, komanso chifukwa chimene dziko lakhalira zaka zambiri osamanga masiteshoni okwanira. Kungoti mafunso amenewo eni ake ndi okonza mapulani ndi osunga thumba la ndalama. Munthu wa pa shifiti amagawa zimene wapatsidwa.

Madziwo amawalamulira ndani? Bwanji osangotsegula ambiri?

Madamu a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi aang'ono, sasunga madzi a miyezi. Nkhokwe yeniyeni ndi nyanja ya Malawi, ndipo chitseko chake ndi Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965. Madzi amene atulutsidwa pa Liwonde amazunguza makina ku Nkula, omwewo akazunguzenso ku Tedzani, kenako ku Kapichira. N'chifukwa chake masiteshoni atatuwa sangagwire ntchito aliyense payekha. Nkula akasintha kayendedwe ka madzi, Tedzani ayenera kudziwiratu.

Kutsegula kwambiri lero n'kudya madzi a mu Okutobala. Ndiponso madziwo si a magetsi okha: alimi a mzimbe ndi a mthirira kumunsi akuwafuna, mzinda wa Blantyre umamwa a pa Walker's Ferry, ndipo a m'mphepete mwa nyanja amadandaula madzi akasungidwa mpaka kulowa m'nyumba. Mbiri nayo imaopsa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Chilala cha 2015 ndi 2016 chinatikumbutsa pang'ono zimenezo, ndipo mapeto ake anali majenereta a dizilo obwereka, okwera mtengo.

Nanga m'dzinja, madzi ali mbwee, bwanji magetsi amavutabe?

Chifukwa mtsinje subwera ndi madzi okha. Umabwera ndi namasupuni, udzu, zitsa, mapesi, mapulasitiki ndi matope ochokera m'mapiri amene tinadula mitengo. Polowera madzi pamakhala zitsulo zosefera. Mvula ikagwa kumtunda, zinyalala zimadzaunjikana pa zitsulozo mpaka madzi a kutsogolo kwake kukwera, a kuseri kutsika. Kapitawo akaona kusiyana kumeneku kukukula, amachepetsa katundu pa makina kapena kuwaimitsa kuti anthu akokolole. Akaumirira, zitsulo zitha kupindika, chitsa n'kulowa m'makina, ndipo ntchito ya maola awiri imasanduka ya miyezi. Matope nawo amakwirira damu pang'onopang'ono, mchenga wake n'kumadya zitsulo za m'kati.

Madzi akachuluka kopitirira muyeso, vuto limakhala lina. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira. Siteshoni yonse inaima, dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake a m'madzi, ndipo makina sanazungulirenso mpaka 2023.

Dziko lonse likathima, bwanji sangoyatsa nthawi imodzi?

Siteshoni yopanga magetsi imafunanso magetsi kuti idzuke: mapampu a mafuta, zitseko, nyali za m'chipinda. Amayamba ndi jenereta yaing'ono ndi mabatire, n'kudzutsa makina amodzi. Akakhazikika, a ku Blantyre amalumikiza nthambo imodzi, n'kuwonjezera katundu pang'ono, maso ali pa nambala ija. Makina achiwiri asanalumikizidwe ayenera kugwirizana ndi oyamba pa liwiro, pa mphamvu ndi pa kayendedwe, apo ayi kugunda kwake kutha kuwononga jenereta. Amene ali kutali ndi Shire, monga a ku Mzuzu ndi ku Karonga, kawirikawiri amadikira kwambiri, poti magetsi ayenera kukwera siteshoni ndi siteshoni.

Amisiri amakonza bwanji nthambo za mphamvu yotere osafa?

Palibe amene amagwira chipangizo popanda chilolezo cholembedwa. Woyang'anira amathimitsa nthamboyo mbali zonse ziwiri, kukhoma loko, kupachika chikwangwani, kuyeza ngati ilidi yakufa, kenako kuilumikiza ndi nthaka. Lamulo lililonse la pa foni wolandira amalibwereza mawu ndi mawu. Chilolezo chisanabwezedwe ndi kusainidwa, nthamboyo siyatsidwa, ngakhale foni yochokera kwa bwana wamkulu ilire kangati.

Kodi ntchitoyi ikusintha?

Ikusintha ndithu. Nthambo ya makilovoti 400 yochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kupita ku Nkhoma, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la America, inapepukitsa nthambo zakale za 132 ndi 66. Magetsi a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti amathandiza masana, ndipo amalola kuti madzi ena asungidwe padamu kudikira madzulo. Koma abweretsanso mutu wina: mtambo ukaphimba ku Salima, mamegawati angapo amasowa mwadzidzidzi, ndipo makina a pa Shire ayenera kukhala ndi mpata wotseka dzenjelo. Kapitawo wa lero amayang'ana mitambo ya masana monga amayang'anira mvula ya kumtunda.

Vuto lakale la Malawi lakhala kuima yekha, wopanda mnansi womugwira dzanja makina akagwa. N'chimene nthambo yochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kudzafika ku Phombeya inakonzedwera: kuti Tedzani akatsokomola, magetsi alowe kuchokera kwa anansi a kumwera kwa Africa nambala ija isanagwe. Zikatero woyang'anira wa ku Blantyre ali ndi foni inanso yoyankha, ya anzake a kutsidya kwa malire, amene nawonso amafuna kudziwa ola ndi ola kuti Malawi atenga mamegawati angati.