Phunziro la Mwezi Uno: Mlangizi wa za Umoyo ndi Ndalama Zomuphunzitsira

M'mapiri a ku Ntchisi ndi ku Dowa muli midzi yambiri imene ili kutali ndi chipatala. Mayi wa kwa Kasakula, kwa Nthondo kapena wa m'zigwa za ku Mvera amayenda mtunda wautali ali ndi mwana kumbuyo, ndipo mvula ikagwa mitsinje imadzaza, njira n'kutsekeka. Malungo ndi chibayo sizidikira: mwana wamng'ono angathe kufooka kwambiri tsiku limodzi lokha. N'chifukwa chake Boma limaphunzitsa alangizi a za umoyo, kuti chithandizo choyamba chizipezeka m'mudzi momwemo.

Chiyambi cha ntchitoyi

M'zaka za m'ma 1960 Boma lidalemba anthu oti aziyenda m'midzi kutemera anthu nthomba. Kolera itabuka mu 1973, anthu otere adapatsidwa ntchito yothandiza kuletsa mliriwo. Mu 1978 maiko adasonkhana ku Alma-Ata ndi kugwirizana kuti chithandizo choyamba chiyenera kufika kumene anthu akukhala. Mu 1995 ulangizi wa za umoyo udasanduka udindo wokhazikika mu Unduna wa za Umoyo.

Zimene mlangizi amaphunzira

Boma lidakhazikitsa malo atatu ophunzitsira alangizi: ku Mzimba, ku Mwanza, ndi ku Mponela m'boma la Dowa. Poyamba maphunziro adali a milungu yochepa, koma adaonjezedwa mpaka adafika milungu 12. Wophunzira amadziŵa kubaya katemera, kuyeza ana pa sikelo, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kuyendera zimbudzi ndi zitsime, ndi kulemba kaundula wa mudzi.

Mu 2008 Unduna udayamba kutsegula zipatala zazing'ono za m'midzi m'madera otalikira makilomita oposa 8 kuchokera kuchipatala. Alangizi osankhidwa adalandira maphunziro ena a masiku 6 a kachizidwe ka ana a miyezi 2 mpaka zaka 5. Mlangizi wophunzira amayeza magazi a mwana asanapereke mankhwala a LA. Amaŵerenga mpweya wa mwana wotsokomola kwa mphindi imodzi: mwana wosakwana chaka akamapuma ka 50 kapena kuposa, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti ali ndi chibayo. Wotsekula m'mimba amampatsa Thanzi ORS ndi zinki. Koposa zonse, amadziŵa matenda amene sangawathe, ndipo amatumiza mwanayo kuchipatala msanga.

Ndalama zimachokera kuti?

Kuphunzitsa munthu kumadya ndalama. Pafunika chakudya ndi malo ogona a ophunzira, malipiro a aphunzitsi ndi mabuku. Akamaliza pafunika njinga, bokosi la mankhwala, zoyezera, ndi ulendo wa womuyang'anira amene amabwera kudzaona ntchito yake. Mankhwala akasintha, mlangizi ayenera kubwereranso m'kalasi. Tsono maphunziro si chinthu cholipira kamodzi n'kuiŵala.

Ndalamazi zimachokera ku msonkho umene anthu amapereka ku Boma, ndi kwa maiko ndi mabungwe othandiza. M'zaka za 2007 ndi 2008 thumba la Global Fund lidathandiza Boma kulemba alangizi atsopano zikwi zingapo, kotero kuti chiŵerengero chao chidapitirira 10,000. Koma malo ophunzirira adali ochepa, ndipo ena adayamba ntchito asanaloŵe m'kalasi. Apa padaoneka kuti kulemba munthu ntchito ndi kumuphunzitsa ziyenera kuyendera pamodzi.

Ndondomeko ya za umoyo wa m'midzi ya 2017 mpaka 2022 idati pafunika mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 772,569 ku Dowa ndi 317,069 ku Ntchisi. Poŵerengera motero, maboma aŵiriŵa adafunika alangizi pafupifupi 1,090, ndipo anthu akuchulukirabe chaka ndi chaka.

Chithandizo cha kunja chimatha kuima mwadzidzidzi, monga zidachitikira mu 2025 pamene dziko la America lidachepetsa ndalama zothandizira maiko ena. Mu 2001, ku Abuja, maiko a mu Africa adalonjeza kupatula K15 pa K100 iliyonse ya ndalama za Boma kuti ipite ku za umoyo. Ntchito ya alangizi imakhazikika pamene ndalama zake zalembedwa m'dongosolo la chuma la Boma ndi la khonsolo ya boma lililonse.

Zipatso zake

Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malaŵi, 234 ankamwalira asanakwane zaka 5. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti chiŵerengerochi chidatsika kufika pa 63. Katemera, masikito ndi mankhwala abwino ndi zina mwa zimene zidathandiza, ndipo zambiri mwa izo zidafika m'midzi kudzera m'manja mwa alangizi. Mu 2019 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana pa sikelo, ndipo Ntchisi adali m'gulu la maboma oyambirira. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700, idakumbutsa onse kuti ntchito imene idayamba mu 1973 ikufunikabe.

Mbali ya anthu a m'mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Ndalama zophunzitsira mlangizi zimapita pachabe ngati iye akhala kutali ndi anthu ake.

1. Mafumu ndi anthu ao athandize kupeza malo ndi kumanga nyumba ya mlangizi, kuti mwana wodwala usiku amupeze pafupi.

2. Komiti ya za umoyo ya m'mudzi izikumana naye, ndi kuthandiza kusamala bokosi la mankhwala. Mankhwala a m'bokosimo ndi aulere.

3. Mankhwala akatha, kapena mudzi ukakhala wopanda mlangizi wophunzira, nkhaniyo ipite ku komiti ya chipatala ndi ku komiti ya chitukuko, kuti ifike ku khonsolo.

4. Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena kumwa, kapena nthiti zikamaloŵa m'kati popuma, makolo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo monga mlangizi wanenera.

5. Anyamata ndi atsikana alimbikire sukulu mpaka Folomu 4, pakuti alangizi a maŵa adzachokera pakati pao.

Mafunso okambirana

Kodi mlangizi wa mudzi uno amakhala kuti? Nanga ndi matenda atatu ati a ana amene angachize m'mudzi momwemo? Kodi komiti ya za umoyo idakumana liti komaliza?